Kawerengedwe ka phompho la m'chipululu, kuyambira pa phiri la Zomba

Kumadzulo kwa Namibia, dziko lokwera la m'katikati limathera mwadzidzidzi pa phompho lalitali loyang'ana kunyanja ya Atlantic, ndipo pansi pake pamayambira chipululu cha Namib. Phompholi ndi gawo la Great Escarpment, mzere wa maphedi umene wazinga kummwera kwa Africa kuchokera ku Angola, kudutsa Namibia, mpaka ku mapiri a Drakensberg ku South Africa. Munthu wa ku Zomba akaima pansi pake sadabwa kwenikweni ndi kutalika, poti phiri lathu nalo limanyamuka pa mamita pafupifupi 900 m'tauni n'kukapitirira mamita 2,000 pa Malumbe. Chodabwitsa n'choti thanthwe lonse lili pambalambanda. Palibe paini, palibe katondo, palibe ndere zobisa mwala. Zimene kuno timazifufuza m'mphepete mwa msewu wa Ku Chawe kapena m'khwawa la Mulunguzi, kumeneko zayalidwa kuchokera pansi mpaka pamwamba.

Koma kuyalidwa poyera sikutanthauza kuti aliyense angawerenge. Wophunzira za miyala ku University of Malawi, mphunzitsi wa jogalafe, kapena wapaulendo wofuna kumvetsa chimene akuona, ayenera kuzolowetsa maso ndi manja asanachoke, ndipo malo abwino ochitira zimenezi ali pakhomo pomwe pano.

Funso loyamba: n'chiyani chinaimika phompholi?

Phedi lalikulu limaima pa zifukwa zitatu, ndipo ziwiri mwa izo mungazione pa phiri la Zomba tsiku limodzi. Choyamba ndi kulimba kwa thanthwe. Zomba ndi Malosa ndi chiphalaphala chimene chinazizirira pansi pa nthaka zaka zoposa 110 miliyoni zapitazo n'kusanduka syenite ndi granite. Miyala yozungulira inakokoloka msanga, thanthwe lolimbali n'kutsala chiimire. Mbali yoyang'ana kutauni ndi yotere. Chachiwiri ndi kung'ambika kwa nthaka. Mukaima cha ku Chingwe's Hole n'kuyang'ana kumadzulo, chigwa cha Shire chili pansi kwambiri chifukwa nthaka ya mbali imeneyo inatitimira motsatira mng'alu waukulu wa Rift Valley. Phedi lotere limakonda kukhala loongoka pa mapu kwa mtunda wautali.

Chachitatu ndi chimene chimapanga maonekedwe ambiri a m'chipululu: muyalo wolimba wokhala pamwamba pa thanthwe losalimba ngati uwo. Zili ngati nyumba ya zidina yofolera bwino. Denga likadalipo khoma limakhala zaka zambiri, koma pamene denga lachoka khoma limasungunuka. Phiri la Gamsberg ku Namibia, lotalika mamita 2,347, ndi lathyathyathya pamwamba chifukwa cha muyalo wa quartzite, mwala wamchenga wogwirana molimba kwambiri, wochindikala mamita pafupifupi 30 okha, wokhala pa granite wazaka zoposa 1,000 miliyoni. Pamene muyalowo unatha, granite anatsika n'kusanduka zitunda zosongoka. Phompho la mtundu umenewu silioneka loongoka pa mapu. Limakhotakhota, makwawa amalilowerera, ndipo kutsogolo kwake kumatsala timapiri tathyathyathya tosonyeza pamene phompho linali kale.

Great Escarpment inayamba pamene Africa inapatukana ndi South America, zaka pafupifupi 130 miliyoni zapitazo, koma lero m'malo ambiri ili makilomita oposa 100 kuchokera kunyanja. Choncho musalembe m'kope kuti phedi limene mukuona ndi pomwe nthaka inang'ambikira. Mukuona zimene kukokoloka kwasiya pambuyo pa nthawi yonseyo.

Zida

Sizochuluka. Kagalasi kokulitsira zinthu ka ×10, mpeni wamba, kampasi, kope lachikuto cholimba ndi pensulo, tepi yoyezera, protractor ya kusukulu, ulusi ndi kanati, ndi kabotolo kodonthezera ka asidi wa hydrochloric wosungunula kufika pa 10 peresenti. Ngati asidiyo simungamupeze, viniga wa kukhitchini amagwira, koma mofooka. Nyundo ya miyala ndi yofunika pamalo ololedwa pokha, ndipo iyende ndi magalasi oteteza maso. Nyundo ya kalipentala sinapangidwire mwala, imathetheka n'kuponya tizitsulo. Lembani ndi pensulo, chifukwa inki imafalikira ndi thukuta kapena nkhungu ya paphiri.

Yambani muli kutali

Ambiri amathamangira kukagwira mwala. Imani kaye pa kilomita imodzi kapena awiri, khalani pansi, jambulani phompholo ndi pensulo kwa mphindi 20. Chithunzi cha pafoni chimatenga zonse mofanana, pamene dzanja limakukakamizani kusankha mizere imene ilidi ndi tanthauzo. Jambulani mzere wa pamwamba, kenako paliponse pamene kutsetsereka kwasintha.

Pa phompho la m'chipululu mudzapeza magawo anayi kuchokera pamwamba. Pali nsonga, kenako khoma loima chilili, kenako mtsetse wa miyala yogumuka, ndipo pansi penipeni pali thanthwe lotsetsereka pang'onopang'ono lokutidwa ndi timiyala, lolowera kuchigwa. Khoma loima limasonyeza muyalo wolimba: sandstone wogwirana bwino, quartzite, limestone, dolomite kapena dolerite. Mtsetse wofatsa pakati pa makoma awiri kawirikawiri ndi shale, mwala wochokera ku matope, ngakhale utabisika ndi zogumuka. Mukaona masitepe, khoma, mtsetse, khoma, mtsetse, dziwani kuti miyalo yolimba ndi yofewa yasinthanasinthana, ndipo mungathe kuiwerenga musanafike n'komwe.

Apa pali msampha kwa ife a kuno. Limestone kumalo amvula amasungunuka ndipo amakonda kupanga malo otsika ndi mapanga. M'chipululu madzi omusungunula ndi ochepa, choncho ndi mmodzi mwa miyala yoima molimba kwambiri. Zimene munaphunzira pa miyala ya kumalo achinyezi musazitengere kumeneko osaziyesa.

Kuwala kumasintha zonse. Great Escarpment ya ku Namibia imayang'ana kumadzulo, choncho woiona ali kuchigwa aipeza mumthunzi m'mawa, ndipo mizere yake imatuluka bwino dzuwa likapendeka. Pa Fish River Canyon, chigwa chakuya cha kummwera kwa Namibia, zinthu n'zotembenuka, chifukwa malo oonerapo a pafupi ndi Hobas ali kum'mawa kwa chigwacho ndipo khoma la tsidya limawala m'mawa. Masana enieni dzuwa lili pamutu mithunzi imatha, miyalo yonse imaoneka mtundu umodzi. Kuno ku Zomba, yesererani kujambula mbali ya kutauni m'mawa wa mu May, mpweya uli woyera. Mu September ndi October utsi wa moto wa m'tchire umaphimba ming'alu yonse, ndipo masiku a chiperoni simudzaona kanthu.

Kuyeza kutalika

M'chipululu maso amanama, chifukwa palibe mtengo kapena nyumba yofanizira ndipo mpweya wouma umasendeza zakutali pafupi. Yezani. Mangani ulusi pakati pa mbali yoongoka ya protractor, kanati kalendewere kunsonga kwake. Gwirani mbali yoongokayo m'mwamba, yang'anani nsonga ya phompho motsatira mbaliyo, mnzanu awerenge pamene ulusi wadutsa. Kusiyana kwa nambalayo ndi 90 ndiye ngodya yanu.

Popeza simungafike pansi penipeni pa nsonga, yezani kawiri. Tinene kuti pamalo oyamba mwapeza madigiri 20. Yendani mamita 100 molunjika kuphompho pamalo athyathyathya, muyezenso, mupeze 25. Pa kakyuleta gawani 1 ndi tan 20, mupeza 2.747. Gawani 1 ndi tan 25, mupeza 2.145. Kusiyana kwake ndi pafupifupi 0.603. Gawani 100 ndi 0.603, yankho ndi mamita 166, ndipo muonjezerepo msinkhu wa maso anu. Njirayi ili ndi vuto limodzi lalikulu: mukalakwitsa digiri imodzi yokha, n'kuwerenga 24 m'malo mwa 25, yankho limalumpha kufika pa mamita 199. Mphepo ikamagwedeza ulusi, zimenezi zimachitika mosavuta. Tchingani ulusi ndi thupi, werengani katatu pamalo alionse, ndipo talikitsani mtunda wa pakati kuti ngodya ziwirizo zisiyane ndi madigiri 10 kapena kuposa. Mtsetse wa miyala yogumuka uyezeninso. Ukakhala pakati pa madigiri 33 ndi 37, miyalayo ili pa malire ake ndipo idzayenda mukaiponda.

Mwala m'manja

Pano m'pamene Zomba amathandiza kwambiri. Tolani chidutswa chosweka kumene m'mphepete mwa msewu wokwera ku Ku Chawe, muchiyang'ane ndi kagalasi. Kagalasi kakhale pafupi ndi diso, mwala ndiwo muusendeze mpaka uoneke bwino. Mudzaona timagawo tolukanalukana, totuwa kapena tofiirira, tokhala ndi nkhope zosalala zonyezimira mukatembenuza mwala padzuwa. Ameneyo ndi feldspar. Quartz ndi wotuwa mooneka ngati galasi, alibe nkhope zosalala, amasweka mokumbika. Timadontho takuda ndi miyala yachitsulo monga amphibole ndi pyroxene. Ngati quartz sakufika 5 peresenti, mwagwira syenite. Pakati pa 5 ndi 20 ndi quartz syenite, ndipo kupitirira 20 ndi granite. Mitundu yonseyi imapezeka pa Zomba ndi Malosa, ndipo amene waphunzira kuisiyanitsa kuno sadzavutika pa Brandberg kapena Spitzkoppe, mapiri a granite a m'chipululu cha Namib amene anapangidwa m'nyengo yoyandikana ndi ya phiri lathu. Miyala imene anyamata amagulitsa paphiri, aegirine wakuda wosongoka, quartz wautsi ndi feldspar zochokera ku Malosa, ndi yabwino pophunzirira chifukwa ndi yaikulu, nkhope zake zimaoneka popanda kagalasi.

Kulimba kumayezedwa pokanda. Pa sikelo ya kulimba ya Mohs, yoyambira 1 mpaka 10, chikhadabo chili pa 2.5, mpeni pa 5.5. Gypsum, amene ali pa 2, amakandika ndi chikhadabo. Calcite, pa 3, amakandika mosavuta ndi mpeni. Feldspar pa 6 ndi quartz pa 7 sakandika, m'malo mwake mpeni ndiwo umasiya kamzere kachitsulo pamwala. Pukutani ndi chala chonyowa. Kamzere kakachoka, mwala ndiwo wapambana. Posiyanitsa sandstone ndi quartzite yang'anani posweka: sandstone amasweka mozungulira timchenga take ndipo amayoyoka mukamupekesa, quartzite amasweka modula timchengato.

Dontho limodzi la asidi pa limestone limachita thovu nthawi yomweyo. Dolomite, amene ndi wochuluka m'mapiri a Naukluft ku Namibia, sachita thovu pokhapokha mutamukanda ndi mpeni n'kudonthezera pa ufawo. Mukamagwiritsa ntchito viniga, kandani ufa nthawi zonse, ndipo yang'anani ndi kagalasi. Poyeserera, miyala ya ku Changalume, kumene kale ankakumba mwala wopangira simenti, ndi carbonatite, mwala walaimu wochokera ku chiphalaphala, wa pachilumba cha Chisi pa nyanja ya Chilwa, zimachita thovu, pamene syenite wa paphiri sachita kanthu.

M'chipululu mayeso awiri amasocheretsa anthu. Oyamba ndi a asidi omwewa. Madzi ochepa akalowa m'nthaka n'kuuma amasiya laimu, amene amamata timiyala kukhala chikhakha cholimba chotchedwa calcrete, ndiponso amapaka kunsi kwa mwala uliwonse. Mukadonthezera pamenepo, ngakhale granite achita thovu. Yesani pa nkhope yosweka kumene yokha. Achiwiri ndi a mtundu. Miyala yokhala padzuwa zaka zikwizikwi imakutidwa ndi kachikopa kakuda kapena kofiirira konyezimira, kopangidwa ndi dongo, manganese ndi dzimbiri la chitsulo, kopyapyala kuposa pepala. Ambiri amaona phedi lakuda n'kulemba kuti ndi basalt, mwala wakuda wochokera ku chiphalaphala, chonsecho mkati muli sandstone woyera. Zithunzi zakale za pamiyala ya pa Twyfelfontein ku Namibia zinagobedwa pochotsa kachikopa kotereka kuti mtundu wa mkati uoneke. Kachikopaka kamakuuzaninso kanthu kena: pakhoma lakuda, chigamba choyera chikusonyeza pamene mwala wagumuka posachedwa, ndipo pansi pake si malo opumulirapo.

M'malo otetezedwa a ku Namibia simuloledwa kuswa kapena kutenga miyala. Funani zidutswa zimene zasweka zokha pogwa, muziyang'ane, muzibwezere. Phiri la Zomba nalo ndi nkhalango yotetezedwa, choncho gulu lofuna kutenga zitsanzo lipemphe kaye chilolezo. Geological Survey Department ili mu Zomba momwemuno, ndipo ndiko kofunsira mapu a miyala ya dera lino.

Madzi ndiwo amasiyanitsa malo awiriwa

Pamwamba pa Zomba pamagwa mvula yofika mamilimita pafupifupi 2,000 pachaka. Madzi amalowa m'ming'alu, feldspar amawola n'kusanduka dongo, chitsulo chimachita dzimbiri n'kufiiritsa dothi, ndipo thanthwe limafewa mamita angapo kulowa pansi, n'kusiya zimiyala zobulungira zokwiririka m'dothimo. Mvula ikapyola muyeso, dothi ndi zimiyalazo zimatsika pamodzi. Ndiye napolo amene anasakaza tauni ya Zomba mu December 1946, ndipo ndi zomwe zinachitikanso m'mapiri a kummwera kuno ndi namondwe wa Freddy mu March 2023.

Pansi pa phompho la ku Namibia mvula ya pachaka imazungulira mamilimita 100, ndipo kugombe imachepa kufika pansi pa 20. Mwala suwola kwambiri, umasweka. Mchere wobwera ndi chifunga cha kunyanja umalowa m'timing'alu, n'kumakula pouma mpaka kutsegula mwala. Kutentha kwa masana ndi kuzizira kwa usiku kumathandizira. Zidutswa zimagwa zili ndi ngodya zakuthwa n'kukhala pomwepo zaka zambiri. N'chifukwa chake phedi la kumeneko lili ndi m'mphepete mooneka bwino pamene lathu ndi lobulungira. Komabe musafulumire kunena kuti mwala wobulungira uliwonse ukusonyeza mvula, chifukwa granite wa pa Spitzkoppe amasendeka m'zigamba zokhota n'kubulungira ngakhale pouma.

Chimene ambiri sakhulupirira n'choti ngakhale m'chipululu, wonyamula miyala wamkulu ndi madzi, osati mphepo. Mphepo imanyamula mchenga ndi fumbi. Zimiyala zimene mudzapeza pakamwa pa khwawa, zoyalidwa motambasuka kulowera kuchigwa, zinabwera ndi chigumula. Yendani kuchokera pakamwa pa khwawalo kupita kuchigwa, muziyeza miyala khumi yaikulu kwambiri pa mamita 200 alionse, ndipo mudzaona ikuchepa msinkhu pamene madzi ankataya mphamvu. Miyala yaphanthiphanthi imatsamirana, ndipo nkhope zake zimapendekera kumene madzi anachokera. Pa Sesriem Canyon, pamene mtsinje wa Tsauchab unadula mamita pafupifupi 30 m'miyala yomatana, mungawerenge zigumula zakale m'khoma: muyalo wa nsangalabwi zikuluzikulu ndi madzi amphamvu, muyalo wa mchenga ndi madzi ofatsa.

Chinayamba n'chiti?

Malamulo ake ndi atatu. Muyalo wapansi ndi wakale kuposa wapamwamba, pokhapokha ngati miyalo inagubuduzika kapena kukankhidwirana pamwamba, monga zinachitikira ku Naukluft. Chodula ndi chatsopano kuposa chodulidwa. Chidutswa chopezeka mkati mwa mwala wina ndi chakale kuposa mwala umene wachisunga.

Palibe malo abwino oyeserapo malamulowa kuposa Fish River Canyon, chigwa chotalika makilomita pafupifupi 160 ndi chakuya kufika mamita 550. Mukaima pamalo oonerapo, pansi penipeni mudzaona gneiss, mwala wosinthidwa ndi kutentha ndi kupanikizika pansi pa nthaka, wopindikapindika wopanda miyalo yoongoka, wazaka zoposa 1,000 miliyoni. M'gneiss ameneyu muli mizere yakuda yoimirira, imene ndi dolerite, chiphalaphala chimene chinalowa m'ming'alu zaka pafupifupi 770 miliyoni zapitazo. Tsatirani mzere umodzi ndi maso kukwera m'mwamba. Umatha mwadzidzidzi pa mzere wopingasa, ndipo pamwamba pake payalidwa sandstone, shale ndi limestone wakuda wa gulu la Nama, zimene zinasonkhana pansi pa nyanja yosaya zaka pafupifupi 550 miliyoni zapitazo. Dolerite sanadule miyalo ya Nama, choncho anabwera iyo isanayalidwe. Mzere wopingasawo ndi nthaka yakale imene inakokoloka mpaka kusalala, ndipo zaka zoposa 200 miliyoni zilibe mwala woziimira pamenepo. Pa chojambula chanu, mzere umenewu ulembeni mochindikala kuposa ina yonse.

Pojambula pafoni ikani chinthu chodziwika msinkhu, monga pensulo, nyundo kapena munthu, ndipo lembani m'kope mbali imene munayang'ana. Chithunzi cha mng'alu chopanda chofanizira sichisonyeza ngati ndi wa masentimita 10 kapena mamita 10.

Kuyenda pamalopo

Musamange msasa m'khwawa louma, ngakhale mchenga wake ndi wofewa ndiponso muli mthunzi. Mvula ikhoza kugwa pamwamba pa phompho, kutali moti simukuiona, madzi n'kukupezani kumwamba kuli ngwee. Yang'anani zinyalala zokodwa m'nthambi za mitengo ya m'khwawamo, chifukwa ndi pamene madzi anafika ulendo wapita, ndipo mugone pamwamba pa mzere umenewo. Pa mtsetse wa miyala yogumuka musakwere wina pansi pa mnzake. Yendani mopingasa, motalikirana, kapena moyandikana kwambiri kuti mwala usapeze liwiro. Potembenuza mwala ukokereni kwa inu kuti ukhale pakati pa inu ndi chimene chili pansi pake, popeza zinkhanira za mchira wonenepa za kumeneko ndi zaululu woopsa.

Madzi akumwa akhale malita osachepera 5 pa munthu patsiku, ena apadera atsale m'galimoto. Kuno thukuta limaoneka ndipo limakukumbutsani kumwa. Kumeneko limauma lisanaoneke, munthu amatha madzi malaya ali ouma. Mkodzo ukayamba kuda, mwachedwa kale kumwa.

Msewu wa Spreetshoogte, wodutsa pa phompho la Great Escarpment pakati pa Nauchas ndi Solitaire, umatsika pafupifupi mamita 1,000 m'makilomita anayi okha, ndipo malole ndi magalimoto okoka ngolo saloledwa. Lowani giya yoyamba musanayambe kutsika. Mukadalira mabuleki amatentha, mafuta ake amawira, chopondera n'kumira osagwira. Amene anazolowera kutsika kuchokera ku Ku Chawe ndi giya yotsika akudziwa kale kachitidwe kake, kungoti kumeneko n'kotsetsereka kwambiri. Ofuna kulowa pansi pa Fish River Canyon adziwe kuti oyendera tsiku limodzi saloledwa kutsikamo. Ulendo wapansi wochokera ku Hobas kukafika ku Ai-Ais ndi wa makilomita pafupifupi 85, umatsegulidwa kuyambira pa 1 May mpaka pa 15 September pokha chifukwa cha kutentha ndi zigumula, ndipo umafuna gulu la anthu osachepera atatu, kalata ya dokotala ndi kulembetsa pasadakhale.